Kodi Dengu la Amayi Likhale Pati?

Amayi anzanga, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, sabata ino tisiye kaye za kuphika ndi kusoka, tikambirane za malo amene timachitirapo malonda athu. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi kanthu kamene mumagulitsa. Wina amakazinga mandasi tambala asanalire, wina ali ndi benchi la matimati ndi anyezi pachipata, wina anatsegula okala pazenera la chipinda chimene kale munkagona ana, ndipo wina amayenda ndi dengu la nthochi pamutu kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Malipiro a abambo, ngati alipo, amatha mwezi uli pakati. Ndiwo za masiku otsalawo, sopo, makala ndi makope a ana, zonsezi zimachokera m'dengu limenelo. Tsono pamene a khonsolo abwera nanena kuti pano si pochitira malonda, sakhudza dengu lokha ayi; akhudza mphika umene uli pamoto.

Nkhani yake ndi yotere. Mzinda uliwonse uli ndi mapu ake, ojambulidwa ndi akatswiri a mapulani. Pa mapupo malo onse anagawidwa: awa ndi a nyumba zogonamo, awa a masitolo ndi maofesi, awa a mafakitale, awa a sukulu, chipatala, msika ndi manda, ndipo awa asiyidwe kuti padzadutse msewu kapena madzi a mvula. Puloti imene inalembedwa kuti ndi yomangapo nyumba yogona siyenera kusanduka sitolo kapena malo omwera mowa popanda chilolezo. Mumzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975 pamene Boma linasamuka ku Zomba, kugawa kumeneku kumaoneka ndi maso. Maofesi a Boma ali paokha ku Capital Hill, mafakitale ndi okushoni ya fodya ziri ku Kanengo, ndipo nyumba za anthu ziri m'madera a manambala amene inu a ku Lilongwe mumawatchula ngati mayina a midzi. Ku Blantyre nakonso, Makata ndi Chirimba ndi kwa mafakitale, pamene Namiwawa ndi Sunnyside ndi kumayadi.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife, ndipo munthu asatinamize kuti inachita kubwera pa sitima ya pamadzi. Kodi ndani wa inu anakumbapo chimbudzi pafupi ndi chitsime? Ndani anamanga khola la nkhumba pakhomo pa khitchini, kapena kuika nkhokwe pamene pamathetheka moto? Kumudzi a mfumu amadziwa pamene pali manda, pamene pali bwalo la milandu, ndi njira imene ng'ombe zimadzera popita kudambo, ndipo wolima pa njira ya ng'ombeyo amaitanidwa kukayankha. Mayi aliyense wosamala pakhomo pake ndi katswiri wa mapulani, kungoti mapu ake ali m'mutu. Chifukwa chake ine sinditsutsa kuti mzinda ukhale ndi dongosolo. Mzinda wopanda dongosolo umayamba kupweteka ife amayi, pakuti ndife timatunga madzi, ndife timasesa, ndiponso ndife timagona pansi kuchipatala podikirira mwana wodwala.

Chimene chimandivuta mumtima n'china. Mapu aja anajambulidwa ndi anthu amene m'maganizo mwawo munali banja la mtundu umodzi: bambo adzuka m'mamawa, akwera basi kunka ku ntchito, abwera madzulo, mayi atsala kunyumba kuyembekeza malipiro a pakutha pa mwezi. M'banja lotero kuntchito n'kwina, kunyumba n'kwinanso, ndipo n'kosavuta kulemba mzere pakati pa ziwirizo. Koma kwa ambiri a ife mzere umenewo kulibe. Mwana ali kumsana, nyemba ziri pamoto, apongozi odwala agona pamphasa, ndipo wogula mchere akugogoda pazenera. Ntchito ndi nyumba ziri pansi pa denga limodzi. Mukamuuza mayi wotere kuti asamukire ku msika umene uli pa mtunda wa ola lathunthu, mwamusiyira mafunso amene inu simunawayankhe: nyemba zija aziyang'anira ndani, nanga ndalama ya minibasi ichokera pa phindu liti? Onjezanipo kuti anthu oposa theka a m'mizinda yathu ikuluikulu amakhala m'madera amene sanamangidwe motsata mapu konse, monga Ndirande ndi Mbayani ku Blantyre, kapena Mtandire ndi Chinsapo ku Lilongwe. Mtandire anachita kugundana ndi Area 47, koma pa pepala ndi mayiko awiri.

Mbali zonse ziwiri za nkhaniyi ndinaziona pa mzere umodzi wa nyumba, m'tauni ina imene ine ndi bambo a kunyumba tinakhalamo pamene ana anali aang'ono. Pakhonde panga panali makina osokera, ndipo ndinkasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Pachipata cha mnansi wanga wa kumanzere panali benchi la matimati, usipa ndi mafuta ophikira oyeza pa kabotolo. Mayi wina kumapeto kwa mzere ankakazinga zitumbuwa. Sitinasokoneze tulo ta munthu. M'malo mwake amene wachedwa kuweruka ankapeza ndiwo pafupi, ndipo wosowa ankatenga pangongole, chinthu chimene sitolo ya m'tauni siichita. Kenaka nyumba ya kumanja inagulidwa ndi bambo wina amene anagumula khoma la pabalaza naisandutsa malo omwera mowa. Amene munakhalapo moyandikana ndi malo otere mukudziwa zimene ndikunena. Nyimbo zinkalira kufikira mbandakucha. Mpanda wathu unasanduka chimbudzi. Mwana wanga wamkazi, amene ankakonzekera mayeso a Sitandade 8, ankawerenga atatseka makutu ndi zala, ndipo sindinkamutumanso kumpopi dzuwa likalowa chifukwa cha mawu amene oledzera ankamuponyera.

Pamenepo ife amene tinkanyinyirika ndi malamulo a khonsolo tinayamba kuwafuna. Tinavala zitenje zathu zabwino, tinapita ku ofesi, tinanena kuti malo ano ndi ogona anthu, mowa uchoke. Panapita miyezi. Tsiku lina m'mawa inafika lole ya khonsolo. Alonda ake anatsika, ananyamula benchi lija pamodzi ndi matimati ake, ananyamula chiwaya cha zitumbuwa, nandiuza ine kuti makina alowe m'nyumba. Malo a mowa anatsekedwa masiku owerengeka, kenaka nyimbo zinayambanso. Mnansi wanga uja anali atatenga mpamba wake pa katapila, ndipo sanapatsidwe ngakhale kapepala kosonyeza zimene zinatengedwa, kapena kuuzidwa kumene angakaziombole. Pa mapu a khonsolo benchi la matimati ndi malo omwera mowa n'chimodzi, pakuti zonse ndi malonda ochitikira pamalo ogona. Koma khutu la munthu wogona pamenepo limadziwa kusiyana kwake. Lamulo limene silisiyanitsa singano ya makina ndi chimkuzamawu cha oledzera liri ngati mayi wopeta amene ataya mankhusu pamodzi ndi mpunga womwe.

Kulimbana kumeneku sikunayambe dzulo. Amene munakula m'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda mukukumbukira kuti misewu ya m'tauni inali yosesedwa, ndi kuti munthu sankangoyala malonda paliponse; mantha nawonso ankathandiza kusesako. M'zaka za m'ma 1970 Boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke kumidzi akachitire malonda awo m'matauni okha, ndipo masitolo ambiri a kumudzi anatsekeka. Ichi chisonyeza kuti kulamula kumene munthu achitire malonda ndi mphamvu yaikulu, yokhoza kudzutsa mudzi kapena kuugoneka. Chitafika chaka cha 1994, ndale za zipani zambiri zitayamba, zipata zinatseguka. M'nthawi ya a Bakili Muluzi mavenda anadzaza m'makhonde a masitolo ndi m'mbali mwa misewu ya Limbe, Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mabanja ambiri anadya chifukwa cha ufulu umenewo. Koma walira mvula walira matope: woyenda pansi anakankhidwira pakati pa msewu, ngalande zinatsekeka ndi zinyalala, ndipo mayi wonyamula chikwama ankachifungatira ngati khanda poopa opisa m'matumba.

M'chaka cha 2006 Boma la a Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo, ndipo anauzidwa kuti alowe m'misika. Misewu inayera, ndipo kunena zoona ambiri tinayenda momasuka. Koma papita zaka zambiri tsopano, ndipo kuthamangitsana sikunathe: achotsedwa mwezi uno, abwerera mwezi wa mawa. Ena amati ndi mwano. Ine ndikuti ndi masamu. Wogula nthochi sakonza ulendo wa nthochi; amagula pamene watsikira basi, dzuwa likulowa, ali ndi changu chokafika kunyumba. Malonda ang'onoang'ono amatsata mapazi a anthu monga momwe nkhuku zimatsatira mtondo. Msika womangidwa kuseri, kumene mapazi safikako, ngakhale ukhale wa malata onyezimira, ndi nyumba ya mileme. Nayonso misika imene iri pabwino inadzaza kale, ndipo benchi la m'kati mwake silipezeka ndi mayi wongoyamba kumene.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri anaiwala. Kuyambira 2005 kufikira chisankho cha 2014 dziko lino linalibe makhansala osankhidwa ndi anthu. Ndiye kuti pamene ntchito yaikulu ija yochotsa anthu m'misewu inkachitika, panalibe khansala wa m'dera amene mayi wa dengu akanamuimitsa panjira n'kumufunsa kuti, "Nanga ine ndilowere kuti?"

Ndisakhale ngati woweruza amene wamva mbali imodzi. A khonsolo nawo ali ndi zifukwa zomveka. Matenda a kolera amene anabuka mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Pa nthawi imeneyo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu kunaletsedwa. Chiletso chotero chinawawa kwa amayi a mandasi ndi chimanga chophika, komabe chinali ndi chifukwa chimene mayi aliyense amene anaonapo mwana akutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga angachimvetse. Pamsewu palibe mpopi, palibe chimbudzi. Ndiponso mayi amene ali m'kati mwa msika, amene amadula tikiti tsiku ndi tsiku, ali ndi dandaulo lake. Iye akhala tsiku lonse osagulitsa chifukwa mnzake waima pachipata n'kutsekereza ogula onse. Kawirikawiri amene amakapempha khonsolo kuti ithamangitse a panja ndi amalonda anzawo a m'kati. Nkhondoyi si ya Boma ndi amayi yokha ayi. Iriponso pakati pa ife tokhatokha.

Tsono malamulo akuti chiyani? Apa ndipempha kuti muwerenge mofatsa, ndipo ngati mnzanu sadziwa kuwerenga, mumuwerengere. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi ndime zingapo zimene mayi wamalonda ayenera kuzisunga pamtima. Ndime 29 imapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wodzipezera zosowa za moyo wake paliponse m'Malawi. Mawu akuti paliponse asakunyengeni, pakuti ndime 44 imalola kuti ufulu uchepetsedwe. Koma kuchepetsako kuli ndi malire ake. Kukhale kolembedwa m'lamulo, osati kungochokera m'kamwa mwa bwana. Kukhale koyenera ndi kofunikadi m'dziko la ufulu. Ndipo kusafike pa kuupha ufulu weniweniwo. Motero khonsolo ingathe kunena kuti musagulitse apa, ndipo ikhala yakhoza. Koma m'kuona kwanga, ikanena kuti musagulitse apa, musagulitse apo, musagulitsenso kunyumba, popanda kusonyeza pamene mungagulitse, pamenepo siinachepetse ufulu, yaukwirira.

Ndime 43 ndiyo ndimaikonda koposa, ngakhale siitchulidwa kawirikawiri pa misonkhano ya ndale. Imanena za momwe ogwira ntchito za Boma, a khonsolo omwe, ayenera kuchitira pamene chigamulo chawo chikhudza munthu. Achite motsata lamulo, achite mwachilungamo, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Chilungamo chimenechi ndi chija timachidziwa pabwalo la a mfumu: munthu sagamulidwa mlandu asanayankhule, ndipo ankhoswe sathetsa banja atamva mwamuna yekha. Choncho ngati a khonsolo afuna kutseka okala yanu kapena kugwetsa chimene munamanga, njira yoyenera ndi yoti akulembereni kalata yonena chimene mwalakwitsa, akupatseni nthawi yokonza kapena yoyankha, ndipo mudziwe kumene mungakadandaule. Kalata yotero ikafika musaiike pansi pa mphasa, kapena kuyatsira mbaula chifukwa cha mkwiyo. Masiku amene alembedwamo sadikira kuti mtima wanu uyambe waphwa.

Khoti lalikulu liri ndi mphamvu younika zigamulo za khonsolo. Koma dziwani kuti woweruza sakhala pansi kusankha pamene msika ukhale. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo. Iye amafunsa mafunso ena. Kodi lamulo linawapatsa mphamvu yochita zimenezi? Kodi anatsata njira yake? Kodi anamumvera mwini wake? Kodi zifukwa zimene apereka zikugwirizana ndi chimene achita? Mungathe kupambana pa mafunso amenewa, khonsolo n'kubwereza ntchito yake motsata njira, n'kukuchotsanibe. Sindifuna kukulonjezani uchi. Ndiponso dandaulo lotere liyenera kufika ku khoti msanga, miyezi itatu isanathe. Ambiri a ife tiribe ndalama ya loya, koma kuli ofesi ya Ombudsman imene imamva mwaulere madandaulo a anthu ochitiridwa mosalungama ndi maofesi a Boma, ndiponso kuli Legal Aid Bureau imene imathandiza osauka pa milandu.

Musaganize kuti makhoti ndi a anthu a mataye okha. Mu 2015 bambo Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anagwidwa ndi apolisi mbandakucha ali pa ulendo wopita ku malonda ake ku Limbe, namuimba mlandu wa vakabu. Iye sanavomere kuti nkhani ithere pomwepo. Inafika ku khoti lalikulu ku Blantyre, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime ya lamulo la vakabu imene anamangidwira ija ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlandu umenewo sunali wa mapu a mzinda, komabe unali wa munthu wamalonda ang'onoang'ono amene anafunsa Boma kuti limuuze chimene walakwa. Inu amene mumalawira usiku kukapikula masamba kapena nsomba mumayenda pa njira imene bambo ameneyo analambula.

Ku Johannesburg nako, kumene ana athu ambiri ali pa ntchito ndi pa malonda, khonsolo inasesa amalonda zikwizikwi m'misewu mu Okutobala 2013, osasiyanitsa amene anali ndi zilolezo ndi amene analibe. Pofika Disembala chaka chomwecho khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linalamula kuti amene anali ndi zilolezo asaletsedwe kubwerera pamalo awo. Anthu amenewo anali m'mabungwe, ndipo anali ndi mapepala m'manja.

Pa mapepalawa ndifuna ndichedwepo pang'ono, pakuti apa ndi pamene amayi ambiri amapunthwa. Tikiti ya msika, imene mumadula m'mawa uliwonse, ndi msonkho wa tsiku limenelo basi. Layisensi ya bizinesi ndi pepala lina, lokulolani kuchita malonda a mtundu wakutiwakuti. Chilolezo chosintha kagwiritsidwe ntchito ka malo, kuti nyumba yogona ikhale golosale, chigayo, sukulu ya mkaka kapena nyumba ya alendo, ndi pepala lachitatu, ndipo limachokera kwa a mapulani. Kukhala ndi limodzi sikutanthauza kuti muli nawo onse. Safunsa anadya phula. Musanagule malata ndi simenti, musanatenge ngongole ku banki mkhonde, pitani mukafunse ngati puloti yanu imalola chimene mufuna kuchita. Ndipo pali chinthu chimene ndinachiona ndi maso anga, chimandidabwitsa mpaka lero. Wodula matikiti adutsa m'mawa kutolera ndalama kwa amayi okhala kunja kwa mpanda wa msika. Masana alonda a khonsolo yomweyo abwera kudzawathamangitsa. Dzanja lamanja lilandira, lamanzere likwapula. Tikitiyo siikupatsani malowo, komabe isungeni, musakulungiremo mtedza. Ndi umboni wakuti khonsolo inkadziwa kuti mulipo, ndipo inkadya nawo.

Chinanso chimene chimachotsa ulemu wa lamulo ndi tsankho. Yendani kumayadi a mizinda yathu muone nyumba zogona zimene zasanduka maofesi, malo ogona alendo, sukulu ndi mabwalo a maukwati. Ena mwa eni ake anatenga chilolezo, ndipo n'zabwino; ichi chisonyeza kuti mzere wa pa mapu ungathe kusunthidwa pamene pali chifukwa. Nanga ngati ungasunthidwe chifukwa cha munthu wa galimoto, ulekeranji kusunthidwa chifukwa cha mayi wa benchi? Wolemera amatumiziridwa kalata, nayankha kudzera mwa loya wake, zaka n'kumapita. Wosauka amatumiziridwa lole. Chonsecho ndime 20 ya malamulo aakulu aja imaletsa tsankho, ndipo mwa zinthu zimene imati munthu asasalidwe nazo muli chuma chimene ali nacho.

Inu amayi a kumudzi mwina mukuti izi ndi za a m'tauni. Kale zinali pafupifupi choncho, pakuti lamulo la mapulani la 1988 linkagwira ntchito makamaka m'madera amene anachita kulengezedwa. Koma lamulo la 2016, limene linalowa m'malo mwake, linafutukula mphamvu imeneyi kuti ifike dziko lonse. Pa malo anu aja pamene pali chigayo, tiyirumu ndi msika wa Lachiwiri, tsiku lina padzafika anthu a zingwe zoyezera. Ena a inu mwaona kale mitanda yofiira yolembedwa pa makoma a masitolo amene analowa m'malo a msewu waukulu. Mawu a a mfumu ndi ofunika, ndipo tiyenera kuwalemekeza, koma paokha sadzateteza golosale imene munaimanga ndi ndalama ya mtedza wa zaka zitatu.

Malamulo ang'onoang'ono a khonsolo sagwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Monga mwa lamulo la maboma aang'ono la 1998, amapangidwa ndi khonsolo, kenaka Nduna iwavomereza. Ndipo m'khonsolomo mumakhala makhansala amene tinawasankha tokha mu Sepitembala 2025. Khansala si mlendo. Timakumana naye pamaliro, mkazi wake timatunga naye madzi. Ine ndikanakhala naye pamphasa ndikanamupempha izi. Lamulo liyese malonda ndi vuto limene amabweretsa kwa anansi, osati ndi dzina lokha lakuti malonda. Kusoka, kuluka tsitsi, okala ya mchere ndi sopo, benchi la ndiwo, izi ziloledwe pakhomo mosavuta, ndi kamsonkho koti mayi angakwanitse. Mowa, chigayo, kuwotcherera zitsulo, zonse za phokoso ndi utsi, izi zisaloledwe anansi asanafunsidwe. Pafupi ndi madepoti a basi papezeke malo a malonda a madzulo, a maola odziwika, okhala ndi mpopi ndi chimbudzi, ndipo kusesa kwake tidzasesa tokha, pakuti tsache si lachilendo m'manja mwathu. Ndipo katundu wa munthu akalandidwa, alembedwe pa pepala mwini wake akuona, chifukwa matimati sadikira mlandu. Pofika tsiku lachitatu asanduka msuzi, ngati sanalowe kale mumphika wa wina.

Mayi mmodzi akapita yekha ku ofesi amauzidwa kuti abwana atuluka, abwere mawa. Amayi makumi atatu akakhala chete pakhonde la ofesi atanyamula kalata imodzi, abwana amapezeka kuti analipo. Magulu tiri nawo kale, a banki mkhonde, a kutchalitchi, a kumzikiti, a komiti ya msika, ndipo m'gulu lirilonse simulephera kukhala mmodzi wodziwa kulemba bwino. M'kalatamo mulembe kuti ndinu yani, mumagulitsa chiyani, pamalo pati ndi kuyambira liti, ndipo mupemphe kuti yankho libwere lolembedwa pamodzi ndi zifukwa zake, monga ndime 43 inenera. Muilembe pawiri. Ina muisiye ku ofesi. Inayo aidinde chidindo ndi tsiku, mubwerere nayo kunyumba, muisunge m'chikwama muja mumasungiramo makadi a sikelo a ana.